X-ray kapena MRI pa msana wouma m'mawa?

Abale a kuno ku Harare amene adokotala anakuuzani kuti ndi spondyloarthritis (matenda otupitsa mfundo za msana ndi m'chiuno) koma sinaonetse mtundu wake, nkhani yojambulitsa msana musaipeputse chonde. X-ray ndi yotchipa, ku chipatala cha Parirenyatwa iliko, koma imaonetsa mafupa atawonongeka kale, nthawi zina patadutsa zaka munthu ukudzuka msana uli gwa mpaka uyendeyende kaye ndiye umasuke. MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, ndiye imagwira kutupa kwa mfundo za m'chiuno zinthu zisanafike pamenepo, vuto ndi madola basi, ndiyodula zedi. Ine ndimati ngati thumba likulola yambani ndi MRI, poti kwa ena matendawa amazilala koma kwa ena amasanduka ankylosing spondylitis, mafupa a msana n'kuyamba kugwirana. X-ray izibwera pambuyo adokotala akamaona mmene zikuyendera.