Madala osoka nsapato kuseri kwa msika wa Ulongue

Mwezi wathawu ndinachoka kwathu ku Domue kupita ku Ulongue kukafuna nsapato yovala pa ukwati wa mwana wanga wamkazi. Pa kalamidade, pogulitsira zovala ndi nsapato za kaunjika, anali atangomasula belo, ndipo ndinatolapo mapeya awiri: yakuda yonyezimira ngati galasi, ndi yofiirira yooneka yotopa, chikopa chili makwinyamakwinya. Mtima unali pa yakudayo. Mnyamata wogulitsa anandilola kukazionetsa kwa madala ena osoka nsapato pakhonde lina kuseri kwa msika, nditamusiyira foni ngati chikole.

Kunyezimirako madala analibe nako ntchito. Anaitembenuza yakudayo n'kukanda ndi chikhadabo ulusi wa m'mphepete. "Aphunzitsi, uwu si ulusi, n'chithunzi cha ulusi." Zoonadi, unali pulasitiki woumbira kumodzi ndi solo, zonse zomata ndi guluu. Akuti ikangoponda matope a Januwale idzayasama ngati mlamba.

Yofiirira ija anayamba aipukuta ndi malaya awo. Anandionetsa kalamba kachikopa kozungulira nsapato yonse, pamene ulusi weniweni umaboola n'kutulukira pansi. Kasokedwe kameneka amati Goodyear welt: chikopa chapamwamba amachisokerera ku kalambako, solo nayonso ku kalamba komweko, ndiye solo ikatha mumangoisomola n'kuika ina, kumtunda osakhudzako. Kenako anati ndipise dzanja m'kati mpaka ku zala. Munali see, mopanda ulusi. Ukamva ulusi m'katimo ndiye kuti ndi Blake, kasokedwe kokondedwa ku Italy, kopepuka koma kolowetsa madzi msanga.

Pa nkhani ya zaka m'pamene anandigometsa. Pomwe pamaponda chidendene panali zilembo zofufutika, moti tinachita kutulukira padzuwa kuti tiwerenge: Church's, ndipo m'munsi mwake London, New York, Paris. "Werengani mizinda," anatero. "Ikachepa, nsapato ndi yakale." Mphwanga atafufuza pa intaneti madzulo ake anapeza zomwezo. Nsapatozi amasoka ku Northampton ku England, kampani ya Church's inagulidwa ndi Prada, kampani ya mafashoni ya ku Milan ku Italy, mu 1999, ndipo dzina la Milan linaonjezeredwa pambuyo pake. Yangayi ilibe Milan. Kutanthauza kuti ndi yaikulu kuposa mkwatibwi amene ndikukamuperekezayo!

Madalawa akuti ntchitoyi anaiphunzira ku Harare kukadali kotchedwa Salisbury, monga anapitira amuna ambiri a kuno ku Angónia. Pamsomali pakhoma anapachika nsapato imodzi ya Bata yolembedwa Rhodesia, ya ku fakitale ya ku Gwelo, kumene lero timati Gweru. Saigulitsa, ndi yophunzitsira anthu ngati ine. Dzina la dziko silinama: Rhodesia ndiye kuti 1980 isanakwane, West Germany sipitirira 1990, Czechoslovakia inatha 1993 isanayambe. Chimene amakana kukhulupirira ndi chidendene ndi solo, poti zimenezo amisiri anzawo amasintha. Umboni amaufuna m'kati, pa zilembo zodinda pachikopa.

Anandichenjezanso kuti ukalamba pawokha si ubwino. Anaipinda nsapatoyo pa zala n'kuyang'anitsitsa m'makwinya. Chikopa chikang'aluka pamenepo ndiye kuti chinafa, ngakhale mutachithira polishi wa chitini chonse. Yangayi inangofuna mafuta.

Tsono zodandaula zilipo. Chidendene chinali chitadyeka mbali imodzi, ndipo anandilonjeza Lachisanu. Ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, Lachisanulo, n'kupeza nsapato ili pomwe ndinaisiya, iwo akucheza za mtengo wa feteleza. Foni alibe, ndiye kufunsa kwake n'kupita ndithu. Inatha Lachiwiri, ndalama ya ulendo itaposa 150 metikali imene analipiritsa. Chikopa cha solo salinso nacho, amadula tayala lakale, ndipo pa nsapato ngati iyi tayala silikhala bwino m'maso. Ine ndinalola pa chidendene pokha, ndipo anakhoma mwaudongo, misomali yosabaya.

Kuyang'ana nsapato musanagule salipiritsa, koma ndinawasiyira ya fodya. Amene mukupita, pitani m'mawa maso awo asanatope, ndipo ngati ukwati uli Loweruka, auzeni kuti uli Lachitatu.