Kusikelo, makina a pamkono kapena a povala wotchi: BP ya mayi woyembekezera tiyezere pati?

Amayi anzanga, BP yokwera pathupi siichenjeza nthawi zonse. Mutha kumasinja, kumaphika, mukuseka bwinobwino, koma itadutsa kale 140/90. Vuto loopsa la preeclampsia, lomwe chizindikiro chake chachikulu ndi BP yokwera, limayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo likalekereredwa mayi amatha kugwa ngati wakhunyu.

Tiyambe ndi kusikelo. Kumeneku palibe cholowa m'malo mwake. Namwino sangoyeza BP yokha: amaona mkodzo ngati muli puloteni, amamvetsera mtima wa mwana, nkulemba zonse m'kabuku kanu. Zikavuta, mankhwala otsitsa BP ndi jakisoni wa magnesium sulphate woteteza kugwa kuja ali komweko, ndipo m'zipatala za boma simulipira. Chofooka chake ndi mpata. Mwa maulendo 8 a kusikelo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mu 2016, wachiwiri umakhala pa masabata 20, wachitatu pa 26. Masabata 6 popanda wokuyezani! Komanso mukayenda mtunda wautali nkufikira pamzere mtima uli phaphapha, nambala imatha kunama.

Mpata umenewu ndi umene makina omanga pamwamba pa chigongono amatseka, ndipo ine ndimawavomereza ndi mtima wonse, makamaka kwa amene ali ndi mimba yoyamba, ya mapasa, odwala shuga, kapena amene BP inawavutapo kale. Makampani a Omron ndi Microlife ali ndi mitundu ina yoyesedwa pa amayi oyembekezera. Funsani zimenezi pogula. Lamba wake akhale wokwana mkono wanu, chifukwa wothina amakweza nambala pachabe. Khalani pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono pathebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Lembani tsiku ndi nambala zonse ziwiri. Tsiku lina muwanyamule kusikelo kuti muyerekeze ndi a namwino. Mtengo ndi mabatire zimapweteka m'thumba, inde, koma makina amodzi atha kuthandiza amayi angapo a banki m'khonde imodzi. Abambonso aphunzire kumanga lambayo. Mimba si ya munthu mmodzi.

A povala wotchi aja ndi opepuka, okongola. Sindingakulangizeni. Dzanja likangotsika kapena kukwera pang'ono, nambala yasintha kale.

Chimene ndimaopa ndi chimodzi: mayi kugula makina nkuyamba kujomba kusikelo poti "nambala zili bwino". Makina sayeza mkodzo. Mukaona 140/90 kawiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ikafika 160/110, musadikire kuche. Ndipo mutu ukamawawa osaleka, maso akamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, kapena mukamamva kupweteka pansi pa nthiti kumanja, nyamukani ngakhale makinawo akuonetsa 120/80. Mukabereka pitirizani kuyeza, chifukwa vutoli limatha kubwera mwana ali kale m'manja.