Chimbale cha jazi chakale, cha ku Japan kapena chodindidwanso: mugule chiti?

Anzanga amene angoyamba kusonkhanitsa zimbale za jazi zoimba ndi singano akhala akundifunsa funso limodzi: nyimbo ndi zomwezo, oimba ndi omwewo, nanga bwanji chimbale chimodzi chimapezeka m'mitundu ingapo, mitengo yake yosiyana kutalitali? Ndayankha pakamwa kambirimbiri, tsono ndati ndilembe kamodzi. Ndiyerekeza mitundu inayi imene ndagulapo ndi ndalama zanga: zodindidwa koyamba m'ma 1950 ndi 1960, zodindidwanso m'ma 1970 ndi 1980, zamakono zochokera ku matepi enieni, ndi zotchipa zija zimene zimanyezimira m'pulasitiki ngati katundu wapamwamba. Za kukula kwa chimbale ndi liwiro lake sindinenapo, aliyense amazidziwa.

Ndiyamba ndi zodindidwa koyamba, chifukwa ndi zimene aliyense amalota, ndiponso ndi zimene zinandipweteka mtima.

Kukoma kwake sindikukana. Blue Note, kampani imene Alfred Lion anayambitsa ku New York mu 1939, inkajambulitsa nyimbo zake zambiri kwa Rudy Van Gelder, poyamba m'chipinda chochezera cha makolo ake ku Hackensack, ndipo kuyambira 1959 mu situdiyo yake ku Englewood Cliffs. Van Gelder yemweyo ndiye ankalembanso mizere ya chimbale, imene singano imadutsamo, kuchokera pa tepi imene inali yatsopano, yosafooka. N'chifukwa chake osonkhanitsa amapendeka chimbale pa kuwala kufunafuna zilembo za dzina lake, RVG, pamalo osalala aja apafupi ndi chipepala chapakati, kachizindikiro konga khutu ka fakitale ya Plastylite imene inkadinda zimbalezi, ndi keyala ya Blue Note ya 47 West 63rd kapena Lexington. Chimbale chotere chikakhala kuti chinasamalidwa, lipenga limamveka ngati woimbayo waima m'chipinda mwanu momwemo. Ndinamvapo kwa mnzanga wina, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhazikike mpaka nditagula changa.

Ndinachipeza pa intaneti kwa wogulitsa wakutali. Analemba kuti ndi VG+, kutanthauza kuti chagwiritsidwa ntchito koma chili bwino ndithu, malinga ndi muyeso wa magazini ya Goldmine umene ogulitsa ambiri amatsatira. Zithunzi zinali zoyera, chikuto chosang'ambika. Chitafika, ndinachiyang'ana pa kuwala ndipo ndinakhutira: chonyezimira, timikwingwirima tiwiri tokha tosamveka ndi chala. Ndinachitsuka, n'kuchiumitsa, n'kutsitsa singano. Besi inayamba bwino, piyano inalowa bwino. Koma lipenga litangokwera, mawu anang'ambika. Kunali kukhwekhwereza ngati wina akung'amba pepala kumbuyo kwa woimbayo, ndipo kunkabwera nthawi iliyonse imene lipenga kapena saxophone yafika pamwamba. Ndinatsukanso kawiri. Ndinasintha singano. Palibe chinasintha.

Vuto limeneli muyenera kulimvetsa bwino, chifukwa maso saliona. Anthu amene ankagula zimbalezi zili zatsopano ambiri ankaziimba pa magalamafoni a mkono wolemera, ndi singano zimene zinkatha koma osasinthidwa. Lero singano imaponda chimbale ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 2. Makina ambiri apanyumba a nthawi imeneyo ankaponda mowirikiza kangapo. Singano yakutha ikadutsa mumzere kambirimbiri imapala makoma ake, ndipo mbali zimene zimayamba kuwonongeka ndi zokhotakhota kwambiri, zimene zimasunga mawu okwera ndi amphamvu. M'jazi amenewo ndiwo malipenga ndi zinganga za woimba ng'oma, mtima weniweni wa nyimbo. Fumbi limachoka ndi madzi, mkwingwirima umangoti "tha" kamodzi pa kuzungulira kulikonse n'kudutsa, koma mzere wopalidwa sukonzeka. Ndipo zinthu zimaipiratu singano ikamayandikira pakati. Kunja kwa chimbale mzere umadutsa pansi pa singano pa liwiro la masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma chakumapeto limatsika kufika pafupifupi 20, choncho mawu omwewo amapanikizidwa pamalo aang'ono. Nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse ya chimbale changa chija sinkamvereka n'komwe.

Nditamulembera, wogulitsayo anayankha kuti iye amayesa zimbale ndi maso okha, sazimvetsera, ndipo kuti zimenezo zinalembedwa penapake pa tsamba lake. Anavomera kuti ndibweze, koma ndalama yotumizira inali yanga, ulendo wobwera ndi wobwerera womwe, ndipo msonkho umene ndinalipira polandira phukusi sunali wobwezedwa. Nditawerengera, kubweza kukanandidyera pafupifupi theka la mtengo wa chimbalecho, ine n'kutsala chimanjamanja. Ndinachisunga. Chili pa shelefu mpaka lero, sindichiimba. Chimene chimandiwawa si ndalama yokha, koma kuti chinthu chopangidwira makutu chinagulitsidwa kwa ine ndi muyeso wa maso, ndipo ogulitsa ambiri amaona kuti palibe cholakwika pamenepo. Kuyambira pamenepo, ndikaona VG+ pa chimbale cha jazi cha zaka zoposa 60, funso langa loyamba limakhala lakuti: mwachimvetsera mbali zonse ziwiri?

Tsopano mtundu wachiwiri, umene ndimaukonda ndipo sindibisa. M'ma 1970 ndi 1980 makampani a ku Japan, monga King Records ndi Toshiba-EMI, anadindanso zimbale zambiri za Blue Note. Pulasitiki yake ndi yoyera, pakati pa nyimbo pamakhala zii, ndipo zimbalezi zinagulidwa nthawi imene makina abwino anali atafala, choncho mizere yopalidwa siipezeka kawirikawiri. Ena amati mawu ake ndi ofatsa pang'ono poyerekeza ndi zoyambirira, ndipo n'zomveka, popeza kawirikawiri ankagwiritsa ntchito matepi okopera, pomwe tepi yeniyeni inatsala ku America. Ine kufatsa kumeneko ndimakulandira ndi manja awiri, bola lipenga limveke lathunthu. Kapepala kozungulira chikuto kaja kotchedwa obi kamakweza mtengo koma sikaimba. Chimbale chopanda obi ndi chomwecho.

M'gulu lomweli muli Original Jazz Classics, zimene kampani ya Fantasy inayamba kutulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, zokhala ndi nyimbo za makampani a Prestige, Riverside ndi Contemporary. N'zopyapyala, zikuto zake n'zosadzionetsera, ndipo munthu wosadziwa amazidumpha. Koma ndi zimene ndimaimba kwambiri m'nyumba mwanga. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinandikhumudwitsapo, ndipo ndalama imene ndinataya pa chimbale chong'ambika mawu chija ikanandigulira zingapo.

Mtundu wachitatu ndi zodindidwanso zamakono zimene zimachokera ku matepi enieni. Blue Note inayamba mndandanda wa Tone Poet mu 2019, pokumbukira zaka 80 za kampaniyo. Amauyang'anira ndi Joe Harley, wolemba mizere ndi Kevin Gray, ndipo amadinda ku fakitale ya RTI ku California. Pali mndandanda wina wotsika mtengo, Classic Vinyl, umenenso Gray amalemba mizere yake koma umadindidwa ku Optimal ku Germany, m'zikuto zosavuta. Ubwino wake waukulu ndi wakuti inu ndinu woyamba kutsitsapo singano. Mawu ake ndi otambasuka, besi ndi yakuya kuposa pa zakale zambiri, chifukwa olemba mizere a kale ankachepetsa mawu otsika kuti singano za nthawi imeneyo zisadumphe. Matepi akalamba, inde, ndipo ena amati moto wa zoyambirira sufikidwa. Komabe kwa munthu amene akuyamba kumene, kuno ndiye kopanda chiopsezo. Chimbale chatsopano nachonso chimatha kubwera chopindika, tsono gulani kumene amalola kubweza popanda kukulipiritsani.

Kulemera kwa magalamu 180 kumene amalemba ndi zilembo zazikulu kusakutengeni mtima: mzere suzama chifukwa chimbale chanenepa, ndipo zanga za magalamu 120 zimaimba bwino lomwe. Za mono (mawu onse m'njira imodzi) ndi stereo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja), zojambulidwa chisanafike chaka cha 1958 tengani za mono, ndipo mukaona mawu akuti "electronically rechanneled" pa chikuto, kutanthauza mono yosandutsidwa stereo yabodza, bwezerani pamalo pake.

Mtundu wachinayi ndiwo umakola anthu ambiri atsopano. Ku Ulaya, nyimbo zojambulidwa zinkatetezedwa ndi lamulo kwa zaka 50. Mu 2013 nthawiyo inawonjezedwa kufika zaka 70, koma zimene zinali zitamasuka kale, kutanthauza zotulutsidwa chisanafike chaka cha 1963, zinakhalabe zomasuka. Nyengo yokoma kwambiri ya jazi ili m'kati mwa zaka zimenezo. Choncho kampani iliyonse kumeneko ingathe kudinda zimbalezi mosaphwanya lamulo, koma ilibe matepi enieni, chifukwa ali m'manja mwa eni ake. Imatenga mawu kumene ingawapeze, kawirikawiri pa CD, n'kuwaika pa pulasitiki yolemera, nthawi zina yamitundu yowala. Mudzazizindikira mosavuta: chizindikiro cha kampani yoyambirira palibe, chithunzi cha pachikuto nthawi zambiri n'chosinthidwa, pali nyimbo yowonjezera imene sinali pa chimbale chenicheni, ndipo salemba kumene mawuwo achokera kapena amene analemba mizere. Ndinagulapo ziwiri ndisanadziwe. Sizing'amba mawu, koma n'zozizira, zopanda thupi, ndipo CD imene anakoperayo imamveka bwino kuziposa. Ngati mawu ake ndi a CD, gulani CD yeniyeniyo, imene ndi yotchipanso.

Tsono mukandifunsa kuti ndalama zanu zipite kuti, yankho langa ndi ili. Ngati chimbale chimene mukufuna chinatuluka pa Prestige, Riverside kapena Contemporary, funani cha Original Jazz Classics cha m'ma 1980. Ngati ndi cha Blue Note, yang'anani kaye ngati chilipo pa Classic Vinyl kapena Tone Poet; chikasowa, tengani cha ku Japan chopanda obi. Zotchipa za ku Ulaya zija zisiyeni pa shelefu ya sitolo. Chodindidwa koyamba ndimagulabe, koma pokhapokha nditachiika pa makina ndi manja anga, kapena wogulitsa atanditumizira mawu ake ojambulidwa, ndipo ndimapempha nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse, pamene lipenga lakwera kwambiri.