Nikon D3500 ndi malensi awiri: zomwe ndaona nditaiyesa m'mapiri a Dedza

Maganizo ogula kamera anandibwerera tsiku lomwe ndinabwerako ku Mphunzi ndi zithunzi za pa foni zosaoneka mutu wake. Zojambula za pamiyala za kumeneko, m'dera la Chongoni, lomwe bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse mu 2006, zambiri zili kunsi kwa matanthwe komwe dzuwa silifika, ndipo utoto wofiira wa Akafula, womwe unafwifwa kale ndi zaka, foni inangousakaniza ndi mtundu wa mwala. Nditafunsafunsa, ndinagula Nikon D3500 yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi lensi yake ya 18-55mm.

Kamerayi inatuluka mu 2018 ndipo ili ndi mamegapikiseli 24, koma chimene chandikhutiritsa koposa ndi batire. Opanga ake amati imajambula zithunzi 1,550 isanathe moto, ndipo ngakhale sindinakhalepo pansi kuwerenga, ndapitapo ku Mua, kugonako masiku awiri ndi kukweranso Khwekhwerere osatulutsa chaja m'chikwama. Kwa munthu wokhala kuno, komwe magetsi amatha kuzima uli pakati potchaja, zimenezi n'zofunika kuposa zokometsera zambiri zomwe ogulitsa amatchula. N'njopepukanso, chifukwa popanda lensi sifika ndi theka la kilogalamu lomwe, moti pokwera phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198, khosi silimva kuti lanyamula kanthu.

Lensi ya 18-55mm si yoinyoza. Pa msika wa Lizulu dzuwa lili ngwee imatulutsa bwino milu ya kachewere, tomato ndi kabichi, ndipo m'mawa wa mwezi wa June imagwira chifunga chikutsika m'mapaini. Mavuto ake amayamba kuwala kukachepa, pakuti ukaikokera pa 55mm kabowo kake kolowera kuwala kamatsegukira pa f/5.6 basi, ndiye kamera imachedwa kutseka ndipo chilichonse choyenda chimatuluka ngati utsi.

N'chifukwa chake ndinawonjezera lensi ya 35mm f/1.8G, ndipo ndikunena mosapsatira kuti ndalama imeneyi ndi yomwe sindidzanong'oneza nayo bondo. Pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6. Nditabwerera nayo ku Mphunzi, mizere yofiira ija ndi madontho ake zinalekana ndi mwala popanda fulashi, ndipo nditakulitsa chithunzicho pa kompyuta ndinaona ngakhale malo omwe utoto woyera wa Achewa unakanganuka. Lensiyi siikoka zinthu zapatali, choncho ukafuna kuyandikitsa chinthu umayenda ndi miyendo yako, zomwe poyamba zimatopetsa koma zimakuphunzitsa kusankha poima. Ilibenso kachipangizo koletsa kunjenjemera kwa manja, kotero m'malo amdima ndimatsamira thanthwe ndi kubanika mpweya ndisanadine.

Kulakwa kwakukulu ndinakuchita ndekha. Mwezi wa October uja, pa bwalo la gule, nditapempha kale chilolezo kwa akuluakulu monga mwambo ufunira, ndinasintha lensi zilombo zili mkati mopalasa fumbi. Kuyambira tsiku limenelo chithunzi chilichonse cha thambo chinkatuluka ndi timadontho titatu takuda pakona imodzimodzi. D3500 ilibe njira yodzikutumulira yokha fumbi la pa sensa, kachipangizo ka m'kati kolandira kuwala n'kupanga chithunzi, monga momwe makamera ena amachitira, choncho ndinachita kugula kapampu kouzira mpweya, ndipo tsopano lensi ndimasinthira m'nyumba kapena m'galimoto, kamera itayang'ana pansi.

Wogula adziwenso kuti galasi loonerapo zithunzi kumbuyo kwake silipindika, polumikizira maikolofoni palibe, ndipo zithunzi zimapita pa foni kudzera pa Bluetooth, zomwe zimafuna kudekha. Amene cholinga chake n'kujambula makanema a ukwati ayang'ane kwina.

Popeza kamerazi zinasiya kupangidwa, zambiri zomwe zikupezeka n'zogwirapo kale ntchito. Musanapereke ndalama, funsani kuti yajambula zithunzi zingati chiigulire, jambulani khoma loyera pa f/16 kuti fumbi la pa sensa lionekere, ndipo unikani m'kati mwa lensi ndi tochi kuti muone ngati mulibe nkhungu yooneka ngati ulusi wa kangaude, yomwe imakonda malo achinyontho ngati kuno nthawi ya dzinja. Wogulitsa wina anafuna kundipatsa lensi yakale ya mtundu wa AF-D pa mtengo wotsika, koma D3500 ilibe kamota koyendetsa malensi amenewo, ndiye ndikanamaipotokola ndi dzanja nthawi zonse kuti chojambulidwacho chioneke bwino. Sankhani zolembedwa AF-S kapena AF-P. Ine ndikusonkhera ya AF-P 70-300mm, kuti ingoma ya ku Ntcheu ndidzaijambule ndili chapatali ndi zibonga.