Kutsokomola kwa mphumu usiku: app, rekoda ya pafoni, kope kapena peak flow?

Anzanga amene mukulera mwana wa mphumu mukulidziwa funso lija la kuchipatala, "usiku akumadzuka kangati ndi chifuwa?" Ineyo ndinkangoti aaa mwina kawiri katatu, kungoyankhapo basi, chifukwa munthu ukagona wagona, komanso mwana wanga wa zaka 9 amatsokomola ali mtulo, mmawa ukamufunsa akuti ndagona bwinobwino. Koma funsoli ndi lalikulu ndithu, malangizo a GINA, bungwe la padziko lonse loona za mphumu, amene madokotala ambiri amatsatira amayang'ana masabata 4 apitawo, ndipo kudzutsidwa ndi mphumu usiku ngakhale kamodzi kokha amakuwerengera ngati chizindikiro choti matendawa sanagonje. Ndiye chisanu cha June ndi July chapitachi ndinati ndisiye zongoganizira, ndiyese njira zingapo.

Ndinayamba ndi rekoda wamba ija imabwera kale mufoni, kaya ndi itel kaya Tecno ilimo. Siifuna bandulo, siifuna ndalama. Ubwino wake umamva chifuwacho mmene chikumvekera, kaya ndi chouma kaya mkati mukulira ngati mluzu, ndipo ukhoza kukawamvetsera adokotala kachigawo kake. Vuto ndi loti maola 8 ndani angakhale pansi kuwamvetsera mmawa uli ndi ntchito? Ndinapirira masiku atatu okha, memory inayambanso kudzaza.

Kenako ma app amene amawerenga okha. Alipo angapo, CoughPro ya kampani ya Hyfe ntchito yake ndi kuwerenga kutsokomola basi, Sleep Cycle ya ku Sweden ndi yoona za tulo koma imagwiranso kutsokomola, ndipo amene muli ndi Google Pixel kuyambira Pixel 7 ya 2022 zimenezi zilimo kale mu Bedtime mode, mawuwo amawerengedwa mufoni momwemo osatumizidwa kwina. Apa ndiye pali phindu lenileni, umadzuka nkupeza nambala komanso nthawi yake, ndipo ineyo ndi pamene ndinaona ndi maso kuti mwanayu chifuwa chimamuvuta kwambiri cha mma 3 kufika 4 mbandakucha, nthawi imene mphumu imadziwika kuti imakula, pamene ine ndili mtulo tofa nato. Koma foni siidziwa kuti watsokomola ndani. App ina imene ndinayesa inawerengera limodzi mng'ono wake amene amagona naye chipinda chimodzi, sabata imene anali ndi chimfine nambala inakwera ine mtima uli phaa, kumachita kuganiza zothamangira kuchipatala. Si vuto la ife tokha ayi, ofufuza a ku Switzerland amene anajambula ndi mafoni anthu akuluakulu odwala mphumu usiku anachita kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa chifuwa cha mwamuna ndi cha mkazi chifukwa cha anthu ogona awiri, zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Nanga ana awiri a msinkhu wofanana pa mphasa imodzi? Chinanso foni imafuna ikhale pafupi ndi bedi usiku onse, makamaka ili pa chaja, magetsi akathima madzulo batire ili pa 30 iwalani. Ndipo musanaike app iliyonse onani kaye ngati ndi yolipira pamwezi komanso ngati mawu a mchipinda mwanu akupita pa intaneti kapena ayi, kuchipinda ndi kuchipinda abale.

Kope ndi bolopeni anthu amazinyoza koma ineyo sindingazisiye. Ndimalemba deti, wadzuka kangati, wapopera kangati inhela ya buluu ija ya salbutamol, ndi zimene zinachitika tsikulo. App inandiuza kuti Lachiwiri anatsokomola kwambiri, koma ndi kope limene linandikumbutsa kuti usiku umenewo tinalowetsa mbaula mnyumba chifukwa cha kuzizira, tsiku lina tinayatsa koyilo wa udzudzu. Foni utsi siiwuona. Kufooka kwa kope ndi kuja ndanena kale, umalemba zokhazo zimene wamva.

Peak flow ndi ina ndithu, ndi kachipangizo kouziramo, iyo siwerenga chifuwa, imayeza mphamvu ya mpweya potuluka. Mwana amauzira katatu mmawa ndi madzulo, nkulemba nambala yaikulu pa zitatuzo. Ikakhala 80 peresenti kupita mmwamba ya nambala yake yabwino kwambiri zili bwino, pakati pa 50 ndi 80 samalani, pansi pa 50 ndi zoopsa. Imafuna kugula komanso mwana wamng'ono kwambiri sangauzire bwino, koma pa zonsezi ndi imene adokotala anaiyang'ana nthawi yaitali.

Chimene chimandiopsa pa ma app ndi ichi, mphumu ikafika poipa zedi mwana akhoza kusiya kutsokomola, chifuwa chimangoti zii chifukwa mpweya sukudutsa, foni nkumakuonetsa nambala yotsika ngati zili bwino. Mukaona akulephera kumaliza chiganizo, nthiti zikulowa mkati popuma, milomo yasintha mtundu, musatsegule app, mpopereni ya buluu ndipo thamangani kuchipatala. Komanso chifuwa chopitirira masabata 2, thukuta usiku, kuonda, kayezetseni TB, palibe foni ingakuuzeni zimenezo muli kunyumba.

Panopa ndimachita chonchi, kope ndi peak flow tsiku lililonse, app ndimaiyatsa masabata awiri tisanapite kukaonana ndi adokotala kapena ndikaona kuti nyengo yasintha, ndipo masiku amenewo mng'ono wake amagona kwa ife. Ulendo watha ndinapita ndi zonsezo, adokotala ataziona anamuuza mwanayo apopere iwo akuona, nkupeza kuti inhela ya bulauni ya beclomethasone ija ya tsiku ndi tsiku amaipopera mothamanga mankhwala nkumathera mkamwa. Anatiuza tizigwiritsa ntchito spacer, kachubu kolumikiza ku inhela kothandiza kuti mankhwala azifika mmapapo, ndipo tibwerenso pakatha mwezi, kope lili mmanja.