Bulangete loyandama ndi floater mu jakuzi: musankhe zonse pamodzi

Ndimasamalira majakuzi, mabafa akuluakulu a madzi otentha, m'nyumba ziwiri ku Borrowdale ndi pa loji ina ku Highlands, mumzinda wa Harare. Anzanga a ntchito yomweyi, ambiri a ku Dzivarasekwa, Mufakose ndi Mbare, June akangofika amandifunsa zinthu ziwiri: kodi bulangete loyandama pamadzi ndi lofunikadi pamene chivindikiro chilipo kale, nanga mu floater, kachidebe koyandama kosungunuliramo mankhwala ophera tizilombo, tiziikamo klorini kapena bromini? Iwo amafunsa padera padera, koma kwa ine ndi nkhani imodzi, chifukwa zinthu ziwirizi zimayandama pamadzi amodzimodzi, ndipo mukasankha molakwa chimodzi chimadya chinzake.

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo usiku wa June ndi July kumazizira mpaka udzu wa m'madambo kuyera ndi chisanu. Kukweza kutentha kwa malita 1,000 a madzi ndi digiri imodzi kumadya magetsi okwana mayunitsi (kWh) 1.16. Ndiye jakuzi ya malita 1,500, kuichotsa pa madigiri 20 kufika pa 38, imafuna 31 kWh, ndipo hita ya 3 kW imagwira ntchito maola oposa 10. Magetsi athu ozimazimawa maola 10 otsatizana sapezeka wamba. N'chifukwa chake kusunga kutentha komwe kulipo kale kumaposa kudalira hita. Kutentha kochuluka kumathawa ndi nthunzi: lita imodzi ikauluka imapita ndi magetsi oposa theka la kWh.

Chivindikiro cholimba, chija cha thovu louma lokutidwa ndi vinyl, ndiye mwini ntchito. Chimatchinga mphepo, fumbi la August, masamba a msasa ndi maluwa a jacaranda a mu October, komanso chimakhomeka. Vuto lake n'lakuti pakati pa madzi ndi chivindikirocho pamatsala mpata. Nthunzi yodzaza mankhwala imakwera, kumata kunsi kwake, ndipo pang'ono ndi pang'ono imaboola pulasitiki yokutira thovulo. Thovu likamwa madzi, chivindikiro chimalemera moti munthu mmodzi sangachinyamule, ndipo chimaleka kusunga kutentha. Bulangete loyandama limagona pamadzi penipeni, nthunzi imasowa potulukira, choncho limateteza kutentha ndi chivindikiro chomwe. Koma silingalowe m'malo mwa chivindikiro. Mwana akaliponda amamira pansi pake osaoneka. Ichi ndimachinena kwa bwana aliyense ndisanalidule n'komwe.

Mabulangete ali amitundu iwiri. Lamatuza, lofanana ndi la pa dziwe losambira, ndi lotsika mtengo, limapezeka mosavuta m'masitolo a zinthu za madziwe, ndipo chidutswa chotsala pa dziwe chimakwanira. Matuza aziyang'ana pansi. Koma madzi otentha ndi mankhwala amalikalambitsa msanga: limayamba kuyoyoka, tizidutswa tabuluu n'kumadzaza m'sefa. Lathovu, lokhala ngati mphasa yochindikala yosamwa madzi, ndi lodula ndipo silipezeka paliponse, koma limasunga kutentha bwino ndipo limakhalitsa. Ngati jakuzi imayatsidwa mwa apo ndi apo, lamatuza likwana. Ngati imakhala yotentha sabata yonse, monga pa loji, lathovu ndi lomwe ndimapempha.

Tsopano mankhwala, pomwe anthu ambiri amapwetekera. Madzi a madigiri 37 kapena 38 ndi paradaiso wa tizilombo. Legionella, amene anadziwika matenda atagwira anthu pa msonkhano wa American Legion ku Philadelphia mu 1976, amaswana bwino pakati pa madigiri 25 ndi 45, ndipo amalowa m'mapapo kudzera mu nthunzi ya majeti, timipopi topopera madzi mwamphamvu mu jakuzi. Pseudomonas ndi amene amabweretsa tizilonda toyabwa, makamaka pamene chovala chosambira chinathina. Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limati klorini mu jakuzi asachepere 3 ppm (magawo atatu pa miliyoni), bromini akhale pakati pa 4 ndi 8 ppm. pH, muyezo wa asidi m'madzi, ine ndimaisunga pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 40.

Mapiritsi a klorini a pa dziwe, otchedwa trichlor, amakopa chifukwa amakhala ali kale m'sitolo ya pakhomo ndipo amalowa bwino mu floater. Musawaike mu jakuzi, achimwene. Ndi a asidi kwambiri, pH yake ili cha pa 3, ndipo m'madzi otentha amasungunuka mothamanga. Dziwe lili ndi malita zikwizikwi oti awameze, jakuzi ilibe. Ndinaziona ndi maso anga nditangoyamba ntchitoyi: floater ya trichlor inapanikizika pansi pa bulangete pakona imodzi sabata yathunthu magetsi akuvuta, pampu osazunguliza madzi. Titavundukula, bulangete linali litayera ndi kufumbutuka pamalopo, pilo wotsamira mutu atasuluka, ndipo fungo linatilasa m'maso. Zinandipweteka mtima, chifukwa zonsezo zinali zopeweka.

Klorini woyenera jakuzi ndi waufa wotchedwa dichlor. pH yake ili pafupi ndi 7, amasungunuka msanga, ndipo amathiridwa ndi dzanja, osati mu floater. Ubwino wake ngwakuti pamadzi sipakhala choyandama china, bulangete limagona lonse mosadulidwa. Kuipa kwake n'kwakuti amafuna munthu tsiku ndi tsiku, chifukwa m'madzi otentha klorini sachedwa kutha. Komanso nthawi iliyonse mukathira amasiya cyanuric acid, mankhwala oteteza klorini ku dzuwa, amene akachuluka amafooketsa klorini yemweyo, ndipo njira yomuchotsera ndi kusintha madzi basi. HTH waufa amene tonse timamudziwa, calcium hypochlorite, alibe vuto limenelo, koma amawonjezera kashiamu, ndipo ngati madzi a pa chitsime chanu ali kale ndi layimu wambiri hita imachita nkhanambo zoyera. Chinthu chimodzi chokha musachiiwale: HTH asakhudzane ndi trichlor kapena mapiritsi a bromini, kaya mu floater, kaya m'chitini, kaya pa supuni yonyowa. Zimatulutsa mpweya wakupha ndipo zimatha kuyaka.

Bromini ndi amene amayenerera floater ya mu jakuzi. Mapiritsi ake amasungunuka pang'onopang'ono, amapirira kutentha kuposa klorini, ndipo akaphatikana ndi thukuta ndi mafuta odzola amapitirizabe kupha tizilombo, pomwe klorini akatero amafooka n'kuyamba kununkha. Bromini wotha ntchito amatsala m'madzi, ndipo mukathira mankhwala a shock, aja amphamvu othira kamodzi kuti aphe zonyansa zonse, amadzukanso. Ndi wodulirapo, amatsitsa pH pang'onopang'ono, ndipo dzuwa limamuwononga msanga popeza cyanuric acid samuteteza. Dzuwa la Harare si lamasewera, koma jakuzi yovindikira silimaifika, ndiye apa bromini ndi chivindikiro zimathandizana.

Kwa ine kusankha kumatengera funso ili: kodi pali munthu woyeza madzi tsiku lililonse? Ngati mumakhala pompo ndipo timapepala toyezera muli nato, dichlor ndi bulangete losadula ndi njira yotchipa ndi yaukhondo. Ngati mumafika kawiri pa sabata, monga ndimachitira ku nyumba imodzi ya ku Borrowdale, bromini mu floater ndi amene amalondera madzi inu kulibe. Kukatero bulangete lidulidwe. Ndimaboola bowo lokulirapo pang'ono kuposa floater, chapakati, kutali ndi mapilo ndi makoma, kuti floater iime mowongoka osagona chammbali pansi pa bulangete. M'mbali ndimasiya mpata wa zala ziwiri, ndipo polowera madzi a ku sefa sinditsekapo. Kutentha kotayika pabowopo n'kochepa poyerekeza ndi mtengo wa bulangete latsopano.

Magetsi akati azima nthawi yaitali, ndimachepetsa timabowo ta floater, chifukwa madzi osayenda amaunjika mankhwala pamalo amodzi. Akabwera, ndimayatsa majeti kaye kenako n'kuyeza, popeza kuyeza madzi ogona kumanamiza. Anthu akamalowa, floater ituluke iikidwe m'ndowa yakeyake pomwe ana safika. Tsiku la shock ndimachotsa bulangete ndi chivindikiro zonse, majeti akuyenda, kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti mpweya wamankhwala uuluke, ndipo bulangete ndimalibwezera pokhapokha kapepala kakaonetsa kuti mlingo watsika. Madzi onse ndimasintha pakatha miyezi itatu kapena inayi, pa loji kawirikawiri kuposa apo, ndipo tsiku lomwelo ndimatsuka bulangete ndi madzi a pampopi n'kuliyanika pamthunzi.