Khodi ya pa SMS, apu kapena chala: mpiringidzo uti ungatseke bwino akaunti yanu?

Alamu anga anaberedwa WhatsApp ali pakhonde akusankha nyemba. Kunabwera uthenga wochokera pa nambala ya mayi wina amene amaimba naye kwaya: "Amayi pepani, ndalakwitsa polemba nambala ndiye khodi yanga yabwera kwa inu. Munditumizireko msanga." Atayang'ana pa SMS anapezadi manambala 6 atangolowa kumene. Alamu ndi munthu wachifundo, anapukuta manja pachitenje n'kutumiza. Nyemba zisanafike pamoto WhatsApp inali itawatulutsa, ndipo pofika madzulo wakubayo anali atalembera gulu lonse la amayi a kutchalitchi kuti alamu agonekedwa m'chipatala, pakufunika ya mankhwala. Awiri anatumiza. Mayi wa kwaya uja naye anali ataberedwa mwanjira yomweyo dzulo lake, n'chifukwa chake uthengawo unabwera ndi dzina ndi chithunzi cha munthu wodziwika.

Chichokereni tsiku limenelo abale amandifunsa funso limodzi, poti m'banja mwathu ine ndiye wa makompyuta: titseke ndi chiyani? Pasiwedi payokha sikwanira. Ili ngati loko wa pachitseko, ndipo kiyi wake anthu amatha kudulitsa inu muli m'tulo. Mu 2012 mbava zinaba mapasiwedi mamiliyoni a anthu a pa LinkedIn, ndipo Yahoo inadzavomera kuti chiwembu cha mu 2013 chinakhudza maakaunti ake onse 3 biliyoni. Eni maakauntiwo sanalakwitse kalikonse. Koma poti ambirife pasiwedi ya Facebook ndi yomweyo ya imelo, dzina la mwana woyamba kuphatikiza chaka chimene anabadwa, wakuba akaitola kumodzi amangopita nayo kukayesa makomo ena onse. Pali tsamba lotchedwa Have I Been Pwned, limene Troy Hunt wa ku Australia anatsegula mu 2013. Mukalembapo imelo yanu limakuuzani ngati inapezeka pa zinthu zobedwa. Yanga inapezeka kawiri.

Ndiye pamafunika chotsekera chachiwiri. Pa foni amachilemba kuti two-step verification kapena two-factor authentication, ine ndimangoti mpiringidzo, uja timapingasa m'kati kuti loko akathyoledwa chitseko chisatseguke. Mipiringidzo imene munthu wamba angasankhe ilipo itatu, ndipo yonse ndaigwiritsapo ntchito.

Woyamba ndi khodi yobwera pa SMS, umene tonse tinauzolowera. Ubwino wake sitingaukane. Umagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani, sufuna bando, ndipo agogo amene amatha kuwerenga manambala autha. Amene alibe mpiringidzo uliwonse ayambe ndi umenewu lero, osadikira kuti agule kaye foni yamakono.

Vuto lake n'loti chitetezo chanu chonse chimatsamira pa nambala ya foni, pamene nambalayo si yanu mpaka kalekale. Layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka n'kudzaigulitsa kwa munthu wina. Msuweni wanga anapita ku Johannesburg, khadi la kwathu n'kuliponya m'chikwama. Patatha zaka ziwiri foni yake inabedwa, atagula ina Facebook inamuuza kuti yatumiza khodi ku nambala yothera 47. Nambalayo inali itapatsidwa kale kwa bambo wina wosamudziwa. Zithunzi za ukwati wake zili momwemo mpaka pano.

Palinso kuba nambala mwadala. Wakuba amapita kukanena kuti khadi lake latayika, n'kutchula nambala yanu, ndipo akamukhulupirira foni yanu imangozima netiweki pamene makhodi anu onse akulowa m'foni yake. Zimenezi zinamuchitikira Jack Dorsey mu Ogasiti 2019, ali mkulu wa Twitter, moti achinyamata ena analemba zotukwana pa akaunti yake. Ngati mkulu wa kampani anagwa nazo, nanga ife? Kuno ku Malawi kuyambira 2018 ma SIM khadi amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika motsatira lamulo la MACRA, ndipo zimenezi zinapangitsa kuti kusintha khadi la wina kuvuteko. Koma taganizirani kumene fotokope ya chiphaso chanu yafika: kwa alandilodi, kumene munafunsirako ntchito, kwa okongoza ndalama, m'kompyuta ya pamalo osindikizira. Ine masiku ano pa fotokope iliyonse ndimalembapo ndi cholembera, modutsa pa chithunzi, tsiku ndi ntchito imene ndaiperekera.

Kwina ndi kwa netiweki chabe. Amene anakhalapo kumudzi kumene umakwera pachulu kuti uthenga ulowe akudziwa kuti khodi imatha kufika nthawi yake itatha kale. Ndipo foni zambiri zimaonetsa uthenga pagalasi ngakhale zili zokhoma, moti woba foni safunika n'kuitsegula komwe. Akafuna amangosolola khadi n'kuliika m'foni ina. Mankhwala ake ndi aulere koma ambiri sitiwamwa: kuika PIN pa SIM khadi lenilenilo. Musamale poika, chifukwa mukalakwitsa katatu limatseka n'kufuna nambala ina yotsegulira yotchedwa PUK, imene imakhala pa kapulasitiki kamene khadi linabwerapo, kaja tinataya tsiku lomwe tinagula.

Mpiringidzo wachiwiri ndi apu yopanga makhodi, monga Google Authenticator, Microsoft Authenticator kapena Aegis ya pa Android. Pano ndichedwapo chifukwa ndi umene ndimaukonda, komanso ndi umene unandiliza.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Poyamba tsamba limakuonetsani chizindikiro cha QR, chija cha timadontho takuda m'kabokosi, inu n'kuchijambula ndi apuyo. M'chizindikirocho muli nambala yachinsinsi imene imatsala m'foni mwanu ndi ku kampaniko. Kuyambira pamenepo foni imatenga chinsinsicho n'kuchiphatikiza ndi nthawi ya pa wotchi, n'kutulutsa manambala 6 amene amasintha pa masekondi 30 aliwonse. Palibe chimene chimatumizidwa kuchokera kwina. Ndiye kuti sifuna netiweki, sifuna bando, sifuna n'komwe SIM khadi. Kaya muli ku Nsanje kaya ku London, kaya mwasintha layini kasanu, khodi imatuluka basi. Woba nambala yanu sapindula kanthu. Chimene imafuna n'chakuti wotchi ya foni ikhale yolondola. Ngati munaisintha ndi manja n'kutsogola mphindi zitatu kuti musamachedwe kuntchito, makhodi onse azikanidwa ndipo mudzatukwana apu yosalakwa.

Koma walira mvula walira matope. Chinsinsi chija chili m'foni, ndiye foni ikapita chimapita nayo. Yanga inasowa m'thumba ndikutsika minibasi, chikwama kumanja, jumbo ya tomato kumanzere. Pasiwedi ya imelo ndinkaikumbukira bwinobwino, koma imelo inkafuna khodi, khodi ili m'foni, foni ili ndi mwini wake watsopano. Ndinakhala pafupifupi milungu itatu ndikudzaza mafomu otsimikiza kuti ine ndine. Chopweteka n'choti tsiku limene ndinkaika apuyo tsamba linandipatsa makhodi osungira, ine n'kudina kuti ndidzaona mawa. Google imapereka makhodi 10 otere, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha. Facebook nayo imapereka ake. Alembeni papepala ndi dzanja, musawajambule n'kuwasiya m'foni yomweyo. Anga tsopano ali mu envelopu imodzi ndi satifiketi ya MSCE, pansi pa sutikesi.

Kuyambira 2023 Google Authenticator imatha kusunga zinsinsi zija mu akaunti yanu ya Google, kuti mukagula foni ina zibwerere zokha. Zimathandiza, koma dziwani kuti amene walowa mu akaunti ya Google imeneyo watenga mtolo wonse wa makiyi. Aegis imachita mosiyana: imakulolani kutulutsa fayilo yokhoma ndi pasiwedi, inu n'kuisunga pa fulashi kapena pa kompyuta. Imeneyi ndi ya anthu osamala zinthu. Ngati fulashi zanu zimathera kwa ana asukulu, sankhani ya Google ija.

Chimodzi apu siingachite: kukutsekani pakamwa. Munthu akakuimbirani mwaulemu kuti ndi wa kubanki, n'kukuuzani kuti muwerenge manambala amene akuoneka, masekondi 30 ndi ambiri kwa iye. Chimodzimodzi mukalemba khodiyo pa tsamba labodza looneka ngati la Facebook, lija limabwera ndi uthenga woti mwapata mphoto. Pa msampha umene unakola alamu anga, SMS ndi apu mphamvu zake n'zofanana.

Apa ndi pamene mpiringidzo wachitatu umaposa anzake. Dzina lake ndi passkey. Apple, Google ndi Microsoft anagwirizana zoulimbikitsa mu 2022, ndipo pano ulipo pa Google, pa WhatsApp ndi malo ena ambiri. Foni imasunga kiyi amene inuyo simumuona, ndipo polowa mumangoika chala, nkhope kapena PIN yotsegulira foni. Mulibe manambala oti muwerengere munthu ngakhale atakunyengererani chotani. Komanso kiyiyo amamangiriridwa ku adiresi yeniyeni ya tsamba, moti tsamba labodza likamupempha foni siyankha n'komwe.

Zikumveka ngati nkhani yatha, koma passkey anaipanga poganiza kuti foni ndi ya munthu mmodzi. Kwathu kuno foni imodzi ndi ya bambo, mayi, mwana wa Fomu 3 wofufuza za homuweki, ndi mneba wobwereka kuti aimbire mwana wake. Onsewo amadziwa kajambulidwe kotsegulira. Wodziwa kutsegula foni ndiye kuti walowa paliponse. Imafunanso foni ya Android 9 kapena iOS 16 kupita m'tsogolo, ndipo kuti mulowe pa kompyuta ya eni pamafunika Bluetooth, imene makompyuta akale a m'malo osindikizira ambiri alibe. Pali mtundu wina wa kiyi weniweni wogwirika, wonga fulashi, monga YubiKey ya kampani ya Yubico. Ndi wolimba kwambiri, koma mtengo wake ndi wa madola, woitanitsa kunja, ndipo muyenera kugula awiri kuti wina akatayika musagone panja. Kwa mtolankhani, loya kapena wosunga ndalama za bungwe ndingati gulani. Kwa alamu anga ayi.

Za kumene mungasunge mapasiwedi enieniwo ndingodutsapo. Chrome imasunga yokha ndipo zili bwino pa kompyuta yanuyanu, koma pa ya kuntchito kapena ya pamalo olipira ikakufunsani zosunga muzikana, ndipo potuluka muzitulukadi osati kungotseka tsamba. Bitwarden, apu yosunga mapasiwedi, ndi yaulere, imakupangirani pasiwedi yaitali yosiyana pa tsamba lililonse, inu n'kungoloweza imodzi. Ena amaopa kusungitsa zonse kwa kampani, ndipo ali ndi chifukwa, poti mu 2022 mbava zinakopera nkhokwe za makasitomala a LastPass, kampani ina yosunga mapasiwedi, ngakhale zinali zokhoma. Oterowo angakonde KeePass, imene imasunga fayilo pa kompyuta yanu basi. Ndipo kope lenileni la pepala musalinyoze. Mbava ya ku dziko lakutali singalowe m'kabati yanu. Kope la mapasiwedi osiyanasiyana limaposa kutali mutu wosunga pasiwedi imodzi ya paliponse, bola lisakhale m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Ndiye ndimawauza chiyani abale? Yambani ndi imelo, chifukwa mukaiwala pasiwedi ya kwina kulikonse uthenga wokonzera umapita kumeneko. Amene ali ndi foni yamakono yakeyake aike apu pa imelo ndi pa Facebook, alembe makhodi osungira papepala tsiku lomwelo, kenako awonjezere passkey ngati foniyo sabwereketsa. Amene akupita kunja achite zimenezi asanakwere basi. Mayi anga, amene ali ndi kafoni ka mabatani, ali pa SMS, PIN ya khadi ndi kope limene ndinawalembera zilembo zikuluzikulu, ndipo sindikuona chifukwa chowavutitsira ndi zina. Ku Airtel Money, Mpamba ndi mabanki ambiri simusankha nokha, mumagwiritsa chimene akupatsani, choncho PIN yake isakhale chaka chobadwa chimene chalembedwa pa chiphaso chanu, ndipo pa ejenti muzilemba nokha, osamutchulira.

WhatsApp ndi nkhani ina pang'ono. Ilibe pasiwedi, ndiye khodi ya pa SMS ija ndiyo loko wake, ndipo mpiringidzo wake ndi PIN ya manambala 6 imene mumaika nokha mukalowa pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification. Alamu akanakhala nayo, wakuba uja akanatenga khodi koma n'kukakamira pakhomo. M'malo mwake iye ndiye anaika yake atalowa. Titalembetsanso nambala ndi khodi yatsopano wakubayo anatulutsidwa nthawi yomweyo, koma ife tinadikira masiku 7 kuti tiloledwe kulowa popanda PIN yakeyo. Sabata imeneyo alamu anayenda nyumba ndi nyumba kupepesa, ndipo anagulitsa nkhuku kuti abwezere mmodzi wa amayi awiri aja ndalama yake.

Pano PIN anaika. WhatsApp imawafunsa nthawi ndi nthawi kuti asaiiwale, ndipo ikawafunsa amandiimbira kudandaula kuti chinthu chanu chija chayambanso. Mwezi watha analandira uthenga wina wopempha khodi, ulendo uno wochokera pa nambala ya abusa. Anawaimbira abusawo, n'kupeza ali kumunda, sakudziwa kanthu.